Madiramu, IBC, thanki ya ISO kapena thankala: njira iti yonyamulira makhemikolo oyaka msanga?

Aliyense amene ali ndi fakitale ya penti ku Makata kapena ku Kanengo, kaya amapanga guluu, polishi, inki kapena sanitaiza, limafika tsiku limene madiramu khumi sakwananso. Maoda achuluka, wogulitsa wa ku Durban kapena ku India akuti mukatenga wambiri mtengo utsika, ndipo mtima wayamba kale kuwerengera phindu. Funso limene limabwera msanga ndi lakuti lita imodzi ifika pa ndalama zingati pofika pakhomo. Ine ndimati funso limenelo lidikire kaye. Pali mafunso awiri amene ayenera kutsogola: katunduyo malamulo amamuika m'gulu liti, ndipo akafika mudzamutsitsira m'chiyani? Mukayankha awiriwa moona mtima, njira zina zimadzichotsa zokha pa mndandanda.

Dziwani kaye chimene mukunyamula

Malamulo a mayiko ambiri pa nkhaniyi amachokera pa gwero limodzi, buku la malangizo la United Nations lokhudza kanyamulidwe ka katundu woopsa. Bukuli limagawa katundu m'magulu asanu ndi anayi, ndipo zamadzimadzi zoyaka msanga zili m'gulu lachitatu. Chizindikiro chake mumachiona pa mathankala a mafuta tsiku ndi tsiku: kabokosi kofiira koima chopendekera, kokhala ndi lawi la moto pamwamba ndi nambala 3 pansi.

Chimene chimalowetsa khemikolo m'gululi ndi flash point, kutanthauza kutentha kochepetsetsa kumene madziwo amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ikakumana ndi kamoto. Malire ake ndi madigiri 60. Kenaka gululi limagawidwanso patatu malinga ndi kuopsa. Gawo loyamba ndi la zimene zimawira pa madigiri 35 kapena kutsika apo. Gawo lachiwiri ndi la zimene flash point yake siyifika madigiri 23. Gawo lachitatu ndi la pakati pa 23 ndi 60. Makhemikolo ambiri amene mafakitale athu amagula ali m'gawo lachiwiri, ndipo iliyonse ili ndi nambala yake yoidziwira m'bukuli, yotchedwa nambala ya UN: acetone ndi UN 1090 ndipo nthunzi yake imayaka ngakhale kukuzizira kuposa m'firiji, toluene ndi UN 1294 pa madigiri pafupifupi 4, ethanol ndi UN 1170 pa madigiri pafupifupi 13, isopropanol ndi UN 1219, methanol ndi UN 1230. Ganizirani manambala amenewa muli pa mlatho wa Zambezi ku Tete m'mwezi wa Novembala, kutentha kutadutsa madigiri 40. Palibe ola limodzi pa ulendo wonse limene katundu ameneyu amakhala wosakonzeka kuyaka.

Methanol ndiyofunika kuitchula payokha. Kuwonjezera pa kuyaka, ndi poizoni, choncho imanyamula zizindikiro ziwiri, cha moto ndi cha chigaza. Kuoneka ndi kununkhira kwake n'kofanana kwambiri ndi ethanol, ndipo munthu akaimwa pang'ono chabe akhoza kuchita khungu kapena kufa. M'dziko limene anthu amatha kubowola diramu poganiza kuti apeza chosakaniza ndi kachasu, chizindikiro chofufutika pa diramu ya methanol si nkhani ya mapepala chabe. Komanso lawi la methanol silioneka bwino masana.

Zonsezi muzipeza pa chikalata chotchedwa SDS, chimene wogulitsa ayenera kukupatsani musanalipire kanthu. Chili ndi ndime 16. Werengani ya 9 imene imanena flash point, ndi ya 14 imene imanena nambala ya UN, dzina lovomerezeka lonyamulira, gulu ndi gawo. Dzina la malonda ngati "thinala" sililowa pa mapepala a ulendo. Wogulitsa amene akuzengereza kupereka SDS, kapena wapereka ya zaka zambiri zapitazo ya kampani ina, wakuuzani kale mtundu wa munthu amene mukuchita naye malonda.

Malamulo amasanjikizana

Ife tilibe doko, ndiye katundu wathu amadutsa m'manja mwa malamulo angapo asanafike. Pa nyanja pamagwira IMDG Code ya bungwe la International Maritime Organization, imene yakhala yokakamiza kuyambira 2004 ndipo imasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Ku Ulaya pamsewu amatsata pangano la ADR la 1957, n'chifukwa chake mathanki ambiri obwera kuno amakhala ndi chikwangwani cha mtundu wa lalanje cha manambala awiri: pamwamba 33 kusonyeza kuti chimayaka msanga kwambiri, kapena 336 ngati ndi methanol, pansi nambala ya UN. Ku South Africa kuli National Road Traffic Act ya 1996 ndi miyezo ya SANS 10228 mpaka 10232. Kwathu kuno, zimene zimawerengedwa ngati mafuta a galimoto, kuphatikizapo ethanol yosakaniza ndi petulo, zili pansi pa MERA, imene imapereka malayisensi oitanitsa, onyamula ndi osunga. Za chilengedwe zili ndi MEPA pansi pa Environment Management Act ya 2017, za miyezo zili ndi MBS, za msonkho ndi MRA. Acetone ndi toluene zilinso pa mndandanda wa pangano la United Nations la 1988 la makhemikolo amene ena amapangira mankhwala ozunguza bongo, choncho musadabwe mukafunsidwa kuti mukukapangira chiyani ndipo fakitale yanu ili pati.

Njira iliyonse mwa zotsatirazi iyenera kukhutiritsa malamulo onsewa nthawi imodzi. Chovomerezeka pa sitima koma chosavomerezeka pa msewu wa ku Zimbabwe chidzaima pa Beitbridge basi.

Madiramu

Diramu yachitsulo ya malita 200 ndi njira imene tonse tinayambira, ndipo sindiinyoza. Kontena ya mafiti 20 imalowa madiramu pafupifupi 80, kutanthauza malita 16,000 kapena kuposerapo pang'ono. Simufunika thanki yosungira, simufunika pampu yaikulu. Mukhoza kuika mitundu iwiri kapena itatu ya makhemikolo ogwirizana m'kontena imodzi, zimene fakitale yaing'ono ya penti imafunadi, pakuti sigwiritsa ntchito toluene yokhayokha. Diramu imodzi ikaboola mwataya malita 200, osati katundu yense.

Koma diramu iliyonse iyenera kukhala ndi chidindo cha UN chosindikizidwa pa thupi lake. Mukaona 1A1, ndiye kuti ndi diramu yachitsulo ya pakamwa pang'ono, yoyenera zamadzimadzi. Chilembo chotsatira ndicho chofunika: X imanyamula magawo onse atatu, Y gawo lachiwiri ndi lachitatu, Z lachitatu lokha. Acetone m'diramu ya Z ndi kuphwanya lamulo, ngakhale diramuyo ikhale yatsopano yonyezimira. Madiramu okonzedwanso amaloledwa ngati wokonzayo anawayesa n'kuikapo chidindo chake, koma diramu imene yangopakidwa penti yabuluu kuti ioneke bwino ndi msampha.

Vuto la madiramu ndi manja. Madiramu 80 ndi zivundikiro zoposa 80 zimene zikhoza kuchucha, ndi maulendo 80 a kugubuduza, kukweza ndi kutsitsa. Amene anapakira kontena ayenera kusainira chikalata chotsimikiza kuti anamanga bwino, anaika zizindikiro mbali zonse zinayi, ndipo sanasakanize ndi zosayenera. Apa pali cholakwa chimene chimandiopsa kwambiri chifukwa chimachokera m'mtima wofuna kupulumutsa ndalama: kuona kuti m'kontena mwatsala malo n'kuikamo zidebe za HTH yothira m'madzi kapena hydrogen peroxide. Zimenezi zili m'gulu 5.1, zimene zimadyetsa moto mpweya, ndipo siziyenera kukhala m'kontena imodzi ndi za gulu lachitatu. Ku nyumba yosungira katundu lamulo ndi lomwelo, ndipo feteleza wa ammonium nitrate ali m'gulu lomwelo la 5.1.

Pomaliza pake mumatsala ndi phiri la madiramu opanda kanthu. Anthu amawafuna kwambiri, osungira madzi, ophikira mowa, odula pakati kupanga mbaula kapena chowotchera nyama. Diramu "yopanda kanthu" ya thinala ndi yodzaza nthunzi, ndipo wowotcherera akangoikapo moto imaphulika. Musagulitse diramu yosatsukidwa, ndipo ya methanol musaipereke kwa munthu wosungira madzi ngakhale itatsukidwa kangati.

IBC

Awa ndi mathanki a pulasitiki a malita 1,000 okhala m'khola la chitsulo, amene tsopano mumawaona paliponse anthu akusungira madzi a m'munda. Kontena ya mafiti 20 imalowa 18 mpaka 20. Ndi osavuta kunyamula ndi fokolifiti, ali ndi mpopi pansi, ndipo amachepetsa ntchito ya manja kasanu poyerekeza ndi madiramu.

Pa makhemikolo oyaka msanga ndimawakayikira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Lamulo limaletseratu za gawo loyamba mu IBC. Za gawo lachiwiri ndi lachitatu limazilola ngati IBC ili ndi chidindo, mwachitsanzo 31HA1, ngati pulasitiki yake sinapitirire zaka zisanu kuchokera pa tsiku lopangidwa, ndiponso ngati yayesedwa kuchucha pa zaka ziwiri ndi theka zilizonse. Mpaka apa zikumveka bwino. Koma kuloledwa pa ulendo sikutanthauza kuti ndi yabwino kusungiramo ndi kutungiramo m'fakitale. Madzi ngati toluene akamayenda m'paipi amasonkhanitsa magetsi aja amene amakuthethetsani mukavula juzi nyengo yozizira. Chitsulo chimawataya magetsiwo mukachilumikiza ku nthaka, pulasitiki wamba imawasunga mpaka atulutse kamoto, ndipo kamotoko kamatulukira pakamwa pomwe pali nthunzi. Alipo ma IBC opangidwira ntchito imeneyi, a pulasitiki yotaya magetsi ndi waya wolumikiza ku nthaka, ndiponso alipo achitsulo chokhachokha a chidindo cha 31A. Amenewo ndiwo muitanitse, ndipo mulembe m'pangano.

Chachiwiri n'chakuti moto ukabuka pafupi, pulasitiki imasungunuka m'mphindi zochepa ndipo malita 1,000 amatayikira pansi nthawi imodzi, kuyenderera kukayatsa yoyandikana nayo. Diramu yachitsulo imapirira nthawi yotalikirapo. Choncho pa white spirit kapena zina za gawo lachitatu, IBC yoyenera ndi njira yabwino ndithu. Pa acetone ndi toluene m'nyumba yosungira katundu yopanda zozimitsira moto zokwanira, ine ndingasankhe madiramu.

Flexitank

Wina akhoza kukuuzani za thumba lalikulu limene amaliyala m'kontena wamba n'kuthiramo malita oposa 20,000 pa mtengo wotsika. Ndi labwino pa mafuta ophikira. Pa katundu wa gulu lachitatu sililoledwa pa nyanja, ndipo palibe chokambirana.

Thanki ya ISO

Iyi ndi thanki yozungulira ya chitsulo chosachita dzimbiri, yomangidwa m'felemu ya kukula kwa kontena ya mafiti 20. Zambiri zimalowa malita 24,000 mpaka 26,000. Ubwino wake waukulu ndi wakuti katundu amathiridwa kamodzi ku fakitale ya wogulitsa, n'kutsekedwa ndi maselo, zomatira za manambala zosonyeza ngati wina watsegula, ndipo satsegulidwanso mpaka pakhomo panu. Thanki yomweyo imakwera sitima ya pamadzi, kutsika pa Beira kapena pa Nacala, kukwera thiraki kapena sitima ya pamtunda. Ngozi zambiri ndi kuba kwambiri zimachitika pothira kuchoka m'chotengera china kupita m'china, ndiye njira imene imachotsa kuthirathira yachotsa theka la mavuto. M'malo amodzimodzi a pa sitima mumanyamula malita ochuluka ndi theka kuposa madiramu.

Pali zinthu zoti muone ndi maso anu, kapena ejenti wanu akutumizireni zithunzi thanki isananyamuke. Khemikolo iliyonse ili ndi nambala ya T yosonyeza mphamvu ya thanki yofunika: ethanol, acetone ndi toluene zimafuna T4, methanol imafuna T7. Mathanki ambiri a pa msika ndi T11, imene ndi yolimba kuposa zonsezi ndipo imaloledwa kuzinyamula. Pa kachitsulo kokhomedwa kumbuyo pamalembedwa masiku oyesedwa. Kuyesa kwakukulu kumachitika zaka zisanu zilizonse, kwapakati zaka ziwiri ndi theka. Thanki imene tsiku lake ladutsa siyenera kudzazidwa. Funsaninso chikalata chotsukira ndi dzina la katundu amene ananyamula komaliza, makamaka ngati ethanol yanu ndi ya sanitaiza kapena ya zakumwa.

Kadzazidwe nakonso kali ndi malire mbali zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa. Simungadzaze mpaka pakamwa chifukwa madzi amafufuma akatenthedwa. Ethanol ya malita 24,000 imene yathiridwa ku Durban m'mawa wozizira ikakwera ndi madigiri 20 m'chigwa cha Zambezi imawonjezeka ndi malita pafupifupi 500, ndipo malita amenewo ayenera kupeza malo m'kati. Koma simungathirenso theka lokha. Thanki yopanda zipupa za m'kati siloledwa kuyenda itadzazidwa pakati pa 20 ndi 80 peresenti, chifukwa madziwo amakhavuka, ndipo dalaivala akaponda buleki potsetsereka matani angapo amamenya kutsogolo nthawi imodzi. Amene anatsikapo mapiri a ku Mwanza kapena chitunda cha Chiweta ali kumbuyo kwa thiraki akumvetsa. Ndiye ngati mukufuna malita 12,000 okha, thanki ya ISO wamba si yanu.

Chopinga chenicheni kwa ife chili kumapeto kwa ulendo. Thanki ikafika pakhomo panu iyenera kutsitsidwa msanga, ndipo muyenera kukhala ndi thanki yanu yosungira yovomerezeka, yokhala ndi khoma lozungulira logwira zotayika, pampu yosatulutsa kamoto, mapaipi oyenera ndi polumikizira waya ku nthaka. Ndinaonapo kampani ina itaitanitsa thanki chifukwa cha mtengo wokoma, n'kuyamba kuipungulira m'madiramu akale pabwalo, ndi pampu ya madzi ya petulo ikulira pambali pake. Tsikulo palibe chinachitika, koma sindinagone. Anali atachotsa ubwino wonse wa thankiyo n'kuika antchito awo pa ngozi yoposa imene akanakhala nayo akanangogula madiramu osindikizidwa.

Ndiye pali ulendo wobwerera. Thankiyo si yanu. Mwini wake amakupatsani masiku owerengeka aulere, kenaka amalipiritsa tsiku lililonse, m'madola, ndipo mukudziwa mmene madola amavutira kupeza. Thanki yopanda kanthu koma yosatsukidwa malamulo amaiona ngati yodzaza: zikwangwani zikhalebe, mapepala a katundu woopsa akhalebe, dalaivala akhale wophunzitsidwa. Mtengo wa ulendo wobwererawu muuwerengere pachiyambi pomwe.

Thankala ya pamsewu

Ngati katundu akuchokera m'chigawo chathu chomwechi, monga ku mafakitale a ku South Africa, kapena ngati ndi ethanol yathu ya ku EthCo ku Dwangwa, imene inayamba mu 1982, kapena ya ku PressCane ku Chikwawa, thankala ndiyo njira yachidule. Imanyamula malita 30,000 kapena kuposa, ena ali ndi zipinda zingapo zolola kunyamula mitundu iwiri, ndipo palibe kudikira sitima. Cholepheretsa ndi kulemera kololedwa pa sikelo za pamsewu, choncho werengerani matani, osati malita okha. Malita 24,000 a ethanol ndi matani pafupifupi 19.

Funso lofunika ndi lakuti thankalayo inapangidwira chiyani. Ambiri amene timawaona pa M1 ndi a petulo ndi dizilo. Thanki ya aluminiyamu ndi yabwino pa mafuta, koma methanol imadya aluminiyamu. Malabala otsekera amene amapirira dizilo akhoza kufewa ndi acetone. Ndipo fungo la dizilo la dzulo likalowa mu ethanol, katundu yense watsika mtengo. Wonyamula amene ali ndi mathankala a makhemikolo enieni amalipiritsa mokwera, ndipo m'pake.

Thiraki ikadutsa ku South Africa, dalaivala ayenera kukhala ndi chilolezo cha PrDP cha gulu D ndi satifiketi ya maphunziro a katundu woopsa. Galimoto ikhale ndi chizindikiro cha lalanje kutsogolo, zikwangwani m'mbali ndi kumbuyo zosonyeza nambala ya UN ndi manambala a foni, zozimitsira moto, ndi khadi la malangizo a pa ngozi m'malo ake odziwika m'chipinda cha dalaivala. Ngakhale ulendo wanu usadutse kumeneko, ndikulangizani kuti muyezo womwewo muulembe m'pangano lanu ndi wonyamula aliyense, chifukwa ndi womveka bwino ndipo onyamula a m'chigawo chino amaudziwa.

Pa thankala chiopsezo chachikulu si chitsulo ayi, ndi malo amene galimoto imaima. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thankala imene inkabweretsa petulo ku Malawi kuchokera ku Beira inaphulika anthu atazungulira akutunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 anafa. Mu Ogasiti 2019 ku Morogoro, pa msewu womwe mathiraki athu a ku Dar es Salaam amadutsa, thankala inagubuduzika, anthu anathamangira ndi zigubu, ndipo oposa 60 anapsa. Anthu amene amathamangira ndi zigubu si opusa, ndi osauka, ndipo sadziwa kuti nthunzi imakwawa pansi kukafika pa mbaula imene ili patali. Udindo uli kwa ife otumiza katundu. Lembani malo ololedwa kuima ndi kugona, ikani chida cholondolera galimoto ndipo pakhale munthu wochiyang'anadi usiku, lembani manambala a maselo pa mapepala, ndipo mulipireni dalaivala ndalama za pa ulendo zokwanira, pa nthawi yake. Dalaivala amene wakhala masiku asanu pa boda wopanda ya chakudya ndi amene amayamba kumvera anthu a zigubu.

Sitima ya pamtunda

Njanji ya Nacala imalowa m'dziko muno pa Nayuchi, kudutsa Liwonde ndi Nkaya, kumene imagawikana kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mabogi a mafuta amayenda pa njanjiyi, ndipo nkhokwe za mafuta za kampani ya boma ya NOCMA za ku Matindi ndi ku Kanengo zili pafupi nayo. Kwa amene akuitanitsa mamiliyoni a malita, palibe njira yoposa iyi: bogi imodzi imachotsa thiraki pamsewu, ndipo siiyenda pakati pa misika ya m'mphepete mwa msewu. Koma fakitale wamba ilibe kanjanji kolowa pabwalo pake kapena katundu wodzaza mabogi. Chimene chingakuthandizeni ndi kukweza thanki ya ISO pa sitima kuchoka ku Nacala, n'kuitenga ndi thiraki pa mtunda wotsala wochepa. Konzekerani kuti nthawi ya mvula njanji imatha kuduka, ndipo masiku a lendi ya thanki amawerengedwabe.

Doko liti?

Beira ndi pafupi, makilomita 800 ndi kanthu kufika ku Blantyre kudzera ku Tete ndi Mwanza, ndipo boda ndi imodzi. Nacala ili ndi doko lakuya ndi njanji. Dar es Salaam kudzera pa Songwe imathandiza a kumpoto ndi a ku Lilongwe, koma ndi kutali ndipo pali Chiweta. Durban ili ndi makampani ambiri a makhemikolo ndi malo otsukira mathanki, koma ndi makilomita oposa 2,000 ndi maboda atatu: Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Boda iliyonse ndi malo amene thiraki imaima pa mzere padzuwa, pakati pa anthu ophika ndi ogulitsa malonda.

Madoko salola katundu woopsa kukhalitsa ngati makontena wamba, ndipo makampani a sitima amafuna kuvomereza katunduyo asanamusungire malo. Choncho ejenti wowombola katundu akhale ndi mapepala onse sitima isanakocheze, ndipo thiraki ikhale itakonzeka. Pa inshuwalansi kumbukirani kuti Mozambique ndi South Africa si mamembala a COMESA, ndiye musangodalira Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto yoyendera m'mayiko a COMESA. Funsaninso mwachindunji ngati inshuwalansi yanu imalipira kuyeretsa nthaka ndi mtsinje katundu akatayika, chifukwa nthawi zambiri mtengo umenewo umaposa wa katundu weniweniyo.

Pepala ndi katundu zigwirizane

Njira iliyonse imene mungasankhe, chikalata cholengeza katundu woopsa chiyenera kunena zinthu zinayi motsatana: nambala ya UN, dzina lovomerezeka, gulu, ndi gawo. Pa nyanja amawonjezerapo flash point. Zimenezi zifanane ndi za pa SDS, pa invoisi, pa zikwangwani za thanki ndi pa khadi la dalaivala. Kusiyana kwa nambala imodzi, 1230 m'malo mwa 1203, kwasandutsa methanol kukhala petulo, ndipo ozimitsa moto akafika adzathira thovu lolakwika. Thovu wamba lozimitsira petulo limasungunuka pa ethanol, methanol ndi acetone, zimafuna thovu lapadera lopirira mowa. Ngati mukusunga zimenezi zambiri, gulani thovulo nokha, muliike pa fakitale, ndipo muitane ozimitsa moto a khonsolo yanu adzaone malo anu kusanagwe kanthu.

Ena amayesedwa kulemba katundu ngati wamba kuti apewe ndalama zowonjezera za sitima. Kontena yotero amaiika paliponse m'sitima, mwina pafupi ndi potentha, ndipo amalinyero sadziwa chimene agona nacho. Ikagwidwa, chindapusa chimagwera wotumiza, ndipo ngozi ikachitika inshuwalansi imakana.

Ndiye ndingasankhe bwanji? Ngati mumagwiritsa ntchito mitundu ingapo pang'onopang'ono ndipo mulibe thanki yosungira, khalani pa madiramu achitsulo a chidindo cha X kapena Y, ngakhale lita idule. Ngati katundu wanu ndi wa gawo lachitatu ndipo muli ndi fokolifiti ndi malo otchingidwa bwino, IBC yotaya magetsi ikupeputsirani ntchito. Ngati mumamaliza malita 20,000 a mtundu umodzi m'mwezi umodzi kapena iwiri, yambani mwamanga thanki yosungira ndi kupeza zilolezo zake, kenaka muitanitse thanki ya ISO, osati mosemphanitsa. Thankala isungireni katundu wa m'chigawo chino, kwa wonyamula amene mwapita kukaona galimoto zake ndi kucheza ndi madalaivala ake. Ndipo tsiku loyamba kutsitsa, kaimeni pomwepo inuyo eni ake: muone kuti injini yazimitsidwa, matayala atchingidwa, mafoni ali kutali, ndipo waya wa ku nthaka walumikizidwa paipi isanatsegulidwe.